Tambala wakuda anajompha anapiye ake omwe

Nkhaniyi ndailemba ndili kwathu ku Phalombe, kumunsi kwa mpata umene uli pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pamalo otchedwa Fort Lister. Kwa inu a m'tauni amene simunafikeko, pamenepa boma la atsamunda linamangapo linga m'chaka cha 1893, nthawi ya Harry Johnston, pofuna kutseka njira imene ogula akapolo ankadzera popita ku gombe la Quelimane. Lingalo silinakhalitse. Patangotha zaka pafupifupi khumi asilikali anasamuka, ndipo lero mukakwera kumeneko mukapeza zipupa zogumuka, tchire, ndi manda a mzungu wina dzina lake Gilbert Stevenson. Palibe mdani anabwera ndi mizinga kudzaligwetsa. Anthu anangotha m'katimo, mvula ndi chiswe n'kutsiriza ntchito.

Mawu oti chiswe ndawatchula dala, ndipo akuluakulu amene anaona masiku a makadi akudziwa anyamata a malaya ofiira amene ankadziwika ndi dzina limeneli.

Chichitikireni chisankho cha pa 16 September 2025, pamene chipani cha Malawi Congress chinatuluka m'boma kachiwiri, ndamva zifukwa zambirimbiri m'minibasi ndi pa wailesi. Ena ati ndi mizere ya mafuta, ena ati ndi mtengo wa feteleza ndi chimanga, ena ati ndi kugwa kwa kwacha kwa mu November 2023. Zonsezo n'zoona. Koma ine ndikuti matenda a Kongeresi ndi akale kuposa pamenepo. Chipanichi, chiyambire, chakhala chikutaya mmodzimmodzi anthu ake omasuka maganizo, anthu otha kuuza mtsogoleri pamaso kuti "bwana, apa mwaphonya", mpaka m'nyumbamo munatsala oomba m'manja okhaokha. Ndipo nyumba ya oomba m'manja simva kanthu, ngakhale denga likupsa.

Tiyambe ndi chinthu chimene ana a sukulu sauzidwa kawirikawiri. Kongeresi sinabadwe ngati chipani cha nkhalamba zokakamira zakale. Inabadwa pa 30 September 1959, Dr. Banda ali m'ndende ku Gwelo, ndipo amene anaiyambitsa ndi a Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda m'dziko muno, mothandizana ndi kamnyamata ka zaka 20, Aleke Banda. A Chirwa anasunga mpandowo ngati wosungira mwini, ndipo Dr. Banda atatuluka pa 1 April 1960 anawapatsa osanyinyirika. M'chipanimo munadzaza anthu ophunzira ndi okonda mtsutso: Dunduzu Chisiza ndi mkulu wake Yatuta, Masauko Chipembere, Kanyama Chiume, Willie Chokani, Augustine Bwanausi, mayi Rose Chibambo. Dunduzu, yemwe anali mlembi wamkulu wa chipani, anachita kulemba kabuku kotchedwa Africa: What Lies Ahead, momwe anachenjeza za atsogoleri amene amasanduka olamulira mwankhanza ufulu ukangopezeka. Mu September 1962 galimoto lake linapezeka litagwa pa mlatho wa Thondwe, iye atamwalira. Boma linati inali ngozi. Anthu amanong'onezanabe mpaka lero.

Mbendera yathu inakwera pa 6 July 1964. Miyezi iwiri isanathe, khoma linali litang'aluka kale. Woyamba kutuluka anali Colin Cameron, nduna yokhayo yachizungu, yemwe anakana lamulo lotsekera munthu m'ndende popanda kumuzenga mlandu. Kenaka nduna zinzake zinapita kwa Dr. Banda ndi madandaulo awo. Ndikupempheni muwerenge madandaulowo mofatsa, chifukwa kwa zaka 30 dziko linauzidwa kuti anthuwa anali zigawenga zofuna kupha Ngwazi. Iwo anati ndalama ya tiki imene odwala anayamba kulipira m'zipatala za boma ichotsedwe. Anati lipoti la Skinner likupweteka Amalawi ogwira ntchito m'boma pamene maudindo onona akadali m'manja mwa azungu. Anati n'zochititsa manyazi kuti dziko longolandira kumene ufulu lizigwirana chanza ndi Apwitikizi amene ankapondereza abale athu kuseri kwa phiri lomweli, ku Mozambique. Ndipo anati nduna si ana, asiye kuzitchula kuti "anyamata anga" pamaso pa anthu ndi kumanga mfundo zonse yekha.

Kodi pamenepa pali mfuti? Pali chiwembu? Mayi wa ku Nkhulambe amene analibe tiki yolipira kuchipatala, akanafunsidwa, akanaima mbali iti?

Yankho la Dr. Banda linabwera mu September 1964. A Chirwa, a Chiume, a Bwanausi ndi mayi Chibambo anachotsedwa. A Yatuta Chisiza ndi a Chokani anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawo, a Chipembere nawo atangofika kuchokera ku Canada anachita chimodzimodzi. M'Nyumba ya Malamulo ku Zomba, pa 8 ndi 9 September, aphungu ankaimirira mmodzi pambuyo pa mnzake kutukwana anthu amene dzulo lake ankawaombera m'manja. Chaka chisanathe ambiri mwa iwo anali atathawira ku Tanzania ndi ku Zambia. A Chipembere anayesa za mfuti ku Fort Johnston mu February 1965, zinakanika pa doko la Liwonde, ndipo anakamwalira ku America mu 1975. A Yatuta anaphedwa mu October 1967 atalowa ndi kagulu kawo cha ku Mwanza.

Tsono apa ndikufuna ndilankhule ndi inu makolo anga amene munavutika ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku London, n'kubwera kumudzi matipate atayamba. Ine ndine mwana, sindinafike n'zaka 30 zomwe, ndipo ngakhale yunivesite ndinaisiyira panjira. Mundikhululukire. Koma nkhani imene mumatisimbira ija, yoti kunali angelo mbali ino ndi Kamuzu mbali inayo, ili ndi chigamba. Amene anaitana Dr. Banda kuti abwere mu 1958, namulonjeza kuti akamutchukitsa kwa anthu ngati mpulumutsi, anali a Chipembere ndi a Chiume omwewo. Pamene anamuika kukhala pulezidenti wa chipani wamuyaya mu 1960, onsewa anali pomwepo. Pamene nyumba ya a Chester Katsonga inatenthedwa chifukwa choyambitsa chipani china cha Christian Democratic, sitinamve kuti anthu omasuka maganizo a mu Kongeresi anatula pansi maudindo. Kumayambiriro kwa 1964, pamene nyumba za a Mboni za Yehova zinayamba kupsa chifukwa chokana makadi, nduna zonse zija zinali zikadali pamipando. Chisankho cha mu April chaka chomwecho sichinachitike n'komwe, chifukwa panalibe amene analimba mtima kupikisana ndi tambala, ndipo palibe nduna imene inaona chodabwitsa pamenepo.

Ufulu umene iwo ankafuna unali ufulu woti iwowo azimvedwa m'kati mwa nyumba. Wa kunja kwa mpanda analibe naye chisoni. Ananola okha mpeni uja poganiza kuti udzacheka ena, osadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sindikunena izi pofuna kuchepetsa masautso awo. A Orton Chirwa, mwini wake chipani, anagwidwa pamodzi ndi mayi Vera Chirwa mu December 1981 cha kumalire a Chipata, khoti la mafumu linawagamula kuti anyongedwe popanda loya wowaimira, ndipo ngakhale chilangocho chinasinthidwa, anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Zimenezi n'zosaiwalika. Koma ngati tikufuna kumvetsa m'mene chipani chimagonthera, tiyenera kuvomera kuti kugontha kumayamba tsiku limene anthu abwino a m'katimo alola kuti wakunja atsekedwe pakamwa.

Atachoka anthu aja, mipando yawo sinakhale yopanda anthu. Inadzazidwa ndi amene anaphunzira phunziro limodzi lokha mu September 1964: wofunsa funso amapita. Chipani chinakhazikika pa ngodya zake zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Taonani bwino, pa ngodya zinayizo palibe ya chilungamo, palibe ya kunena zoona. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi mwalamulo, ndipo chaka chomwecho linabwera lamulo lolanda katundu wa munthu aliyense amene boma lamukayikira. Mu 1969 makhoti a mafumu anapatsidwa mphamvu zozenga milandu yonyongetsa. Mu 1971 Dr. Banda anakhala mtsogoleri wa dziko wamuyaya. Malamulo onsewa anadutsa m'Nyumba ya Malamulo momwe munali aphungu amoyo, a maso ndi makutu.

Agogo anga amati masiku amenewo unkagona ukudziwa kuti uje ndi nduna, m'mawa wailesi n'kumutcha chigawenga, ndipo iwe unkayenera kuiwala msanga kuti unamuvinirapo.

Pofika zaka za m'ma 1970 mawu oti "womasuka maganizo" anali atafota kwambiri. Sanalinso kutanthauza munthu wa mfundo zina. Ankangotanthauza aliyense amene mutu wake waonekera pamwamba pa anzake. A Aleke Banda anagwa mu 1973 chifukwa nyuzipepala ya ku Zambia inawatchula kuti ndiwo angadzalowe m'malo mwa Ngwazi, ndipo kuyambira 1980 anakhala m'ndende zaka 12 osaonekera kukhoti. A Albert Muwalo, omwe palibe angawanamizire kuti anali ofatsa poti ndiwo ankatsekera anzawo, ananyongedwa mu 1977. A Gwanda Chakuamba, mkulu wa Apayoniya, anamangidwa mu 1980 n'kugamulidwa zaka 22. A Bakili Muluzi anaona mphepo, nasiya okha udindo wa mlembi wamkulu kukachita bizinesi. Chilombo chikamaliza nkhuku za mnansi chimayamba za pakhomo.

Kenaka Mwanza. A Dick Matenje anali mlembi wamkulu wa chipani, a Aaron Gadama nduna ya chigawo cha pakati, a Twaibu Sangala nduna ya zaumoyo, a David Chiwanga phungu wa ku Chikwawa. Anthuwa sanathawire kunja, sanayambitse chipani, sanagwire mfuti. Anali ana a nyumba, okulira m'ngodya zinayi zomwe zija. Chimene chinamveka n'chakuti m'Nyumba ya Malamulo munali mutayamba mafunso okhudza kaonongedwe ka ndalama za boma, komanso manong'onong'o a yemwe adzatsogolere dziko Ngwazi ikadzatopa. Mu May 1983 anagwidwa pa msewu wochokera ku Zomba, anagonekedwa ku Mikuyu, ndipo pa 18 May anaphedwa ku Thambani. Mitembo inaikidwa m'galimoto la Peugeot, galimotolo n'kukankhidwira kuphompho, dziko n'kuuzidwa kuti achita ngozi pothawa. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Jaji Mtegha, lomwe linakhazikitsidwa mu 1994, linapeza kuti anaphedwa ndi apolisi. Dr. Banda ndi a John Tembo anazengedwa mlandu ndipo mu December 1995 khoti linawapeza osalakwa. Ine sindine jaji, ndipo chigamulocho ndikuchilemba monga chinaperekedwera. Koma amuna anayi aja sanadzimenye okha ndi nyundo.

Chimene chimandizizimutsa ine ndi chimene chinatsatira. Mpando wa mlembi wamkulu unakhala wopanda munthu kwa zaka khumi. Chipani chokhacho m'dziko, chokhala ndi nthambi m'mudzi uliwonse, chinalephera kupeza munthu mmodzi womukhulupirira pa udindo wachiwiri. Amene anadzaukhala mu 1993 anali a Chakuamba, ongotuluka kumene m'ndende momwe chipani chomwecho chinawaponya. Nkhokwe inali itatheratu.

Alipo akuluakulu ena, ngakhale kuno kwathu, amene amati, "Mwana iwe, nthawi ya Kamuzu kunali mwambo, kunali bata, chipani chinali ndi msana." Ndimawamva, ndipo ndikaona chipwirikiti cha masiku ano ndimamvetsa chomwe chimawalankhulitsa. Koma batalo analipira ndani? Pamene nduna zinkasowa ku Zomba, wolipira weniweni anali munthu wamba wopanda dzina m'nyuzipepala. Anali mayi wobwezedwa pa chipata cha msika chifukwa alibe kadi. Anali a Mboni za Yehova amene analetsedwa mu 1967, ndipo msonkhano waukulu wa chipani wa 1972 unagwirizana zoti achotsedwe ntchito ndi kupirikitsidwa m'midzi. Zikwi ndi zikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique, ndipo a dera lino la Mulanje, pomwe Phalombe inali isanakhale boma palokha, ambiri anangodutsa malire apafupiwa ndi mitolo pamutu. Mpata umene azungu anautseka kuti anthu asatengedwe ukapolo uli m'dera lomwe, zaka zoposa 70 pambuyo pake, Amalawi ankathawa Amalawi anzawo. Mfundo yopirikitsa anthu m'midzi ija inadutsa pa msonkhano wodzaza ndi nthumwi, zina mwa izo akulu a mpingo. Mu 1964 munali anthu asanu ndi awiri otha kukana tiki. Mu 1972 mfundo yotere inadutsa bwinobwino.

Ndipo bata lija linapusitsa eni ake omwe. Pa 8 March 1992 mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yawo ija. Munalibe chipongwe m'kalatamo. Munali nkhani za malipiro ochepa, masukulu odzaza, zipatala zopanda mankhwala, ndi anthu otsekeredwa popanda mlandu. Kunena zoona, anali madandaulo a nduna za 1964 atavala mkanjo. Chipani chamoyo chikanaiwerenga kalatayo n'kudzifunsa. Koma pa msonkhano wadzidzidzi umene unachitika ku Lilongwe, tepi imene inadzatuluka pambuyo pake inamveketsa akuluakulu a chipani akulalata kuti mabishopu aphedwe. Makina osindikizira a ku Balaka anatenthedwa, Monsinyolo John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Munthu woti aimirire n'kunena kuti "abale, tiyambe taiwerenga kalatayi" akanachokera kuti? Wina anali ku Mikuyu, wina ku Zomba, ena m'manda, ena kunja. Ndiye chifukwa chake pa 14 June 1993 anapita ku riferendamu ali ndi chikhulupiriro chonse kuti anthu amawakonda, poti kwa zaka 29 palibe anawauzapo zosiyana. Anthu oposa 63 pa 100 alionse anasankha nyali. Pa 17 May 1994 tambala anatsala ndi mipando 56 mwa 177, pafupifupi yonse ya m'chigawo cha pakati. Chipani chimene chinamenyera ufulu kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje chinasanduka cha chigawo chimodzi, ndipo kuno kwathu kwa Alhomwe sichinadzukenso.

Mwina muganiza kuti kugwa kotere kunaphunzitsa munthu. Zaka khumi zotsatira zinathera pa mkangano wa a Chakuamba ndi a Tembo, misonkhano iwiri, makomiti awiri, milandu kukhoti, mpaka a Chakuamba anatuluka kukayambitsa chipani cha Republican pokonzekera chisankho cha 2004. Mkangano umenewo sunali wa mfundo, unali wa mpando. Mu July 2002, pamene bilo yochotsa malire a nthawi ya pulezidenti inagwa ndi mavoti atatu okha, a Tembo ndi gulu lawo anali mbali yoivomereza. Mu 2009, chipani chitagonjanso, a Ishmael Chafukira, omwe anali mneneri wake, ananena poyera kuti utsogoleri usinthe, ndipo amene anachoka pa udindo anali iwowo. A Lazarus Chakwera atasankhidwa mu August 2013 tinauzidwa kuti iyi ndi Kongeresi yatsopano, ndipo ambiri a msinkhu wanga anakhulupirira. Koma pofika 2018 wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani, a Richard Msowoya, ndi mlembi wamkulu, a Gustave Kaliwo, anali atakankhidwira kunja. Masiku ano sapita nawe ku Thambani, n'zoona, ndipo kusiyana kumeneko si kwakung'ono. Amangokuimitsa, akutcha wogulidwa, anyamata a pa Facebook n'kumaliza zotsala.

Chipanichi chinabwerera m'boma pa chisankho cha pa 23 June 2020 chifukwa cha majaji olimba mtima ndi anthu amene anayenda m'misewu miyezi yambiri. Anthu omwe aja, oyenda m'misewu, mu June 2025 anamenyedwa ndi anyamata a zikwanje mu mzinda wa Lilongwe, apolisi ndi asilikali akuonerera. Chipani chinakana kuti anyamatawo si ake. Chabwino. Koma boma linali lawo, apolisi anali pansi pawo. Ndi nduna iti, ndi phungu uti wa tambala amene anachita zimene Colin Cameron anachita mu 1964, kutenga chipewa n'kutuluka? Pamene anthu ankagona pa mizere ya mafuta, ndani m'komiti yaikulu anaimirira kunena kuti anthu atopa nafe? Pa msonkhano waukulu wa mu August 2024 mtsogoleri anadutsa wopanda wopikisana naye, m'holo munali nthungululu zokhazokha. Patatha chaka anapeza mavoti 33 pa 100 alionse. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, kachiwiri.

Anzanga a kuno ku Phalombe amene mukuseka powerenga izi, ndi nsalu zanu zabuluu, musafulumire. Magazi ake ndi amodzi. Zipani zathu zonse zinayamwa bere la Kongeresi. UDF inataya a Brown Mpinganjira a ku Mulanje konkuno pa nthawi imene nkhani ya teremu yachitatu inkayamba kununkha. DPP inachotsa mayi Joyce Banda ndi a Khumbo Kachali mu December 2010 chifukwa chokana kuvomereza wolowa m'malo wosankhidwiratu, ndipo mu January 2024 inachotsa a Kondwani Nankhumwa ndi anzawo. Sindikuti onsewa anali oyera mtima, ena ankangofuna mpando womwewo. Koma m'chipani chilichonse mwa izi, kodi munthu angatsutse mtsogoleri Lolemba n'kupezeka akadali membala Lachisanu? Mukandipezera mmodzi, mundilembere kalata kudzera kwa mkonzi.

Ndipo inu makolo anga obwera kuchokera kunja, mwatsala ochepa. A Chiume anapita mu 2007, mayi Chibambo mu January 2016. Amene mudakali moyo, tiuzeni nkhani yonse, ndi mbali yomwe imakuchititsani manyazi, ija ya 1960 mpaka 1964 pamene munali m'kati mukuimba nawo. Achinyamata amene akulowa m'zipani lero akuyesa kuti ngozi imayamba tsiku limene iwo achotsedwa.

Potsika ku linga kuja ndinaima pa msika kugula matimati, ndipo mtsikana wogulitsayo anandibwezera chenje cha K200 yakuda ndi thukuta. Pa ndalamayo pali nkhope ya mayi Rose Chibambo. Ndinamufunsa ngati akuwadziwa mayiwo. Anati anamva kusukulu kuti anamenyera ufulu wa dziko lino. Nditamufunsa chimene anakakhalira ku Zambia zaka 30, ndi amene anawathamangitsa, anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndikufunanso anyezi.